Ulemu Pansi pa Ring'i

Ine ndinakula ndikupepesa chifukwa cha msinkhu wanga. Ndisanamalize pulayimale ndinali nditawapitirira kale bambo anga, ndipo pofika ku sekondale ndinkalowa m'nyumba mwathu ku Zingwangwa chowerama ngati munthu wokatola mazira m'khola. Anzanga ankanditcha mtengo wa magetsi. Makondakitala a minibasi ankati ndizilipira kawiri, za ine ndi za mawondo anga. Zimenezi sizinkandipweteka kwenikweni. Amene msinkhu wangawu unkawasowetsa mtendere anali mayi anga.

Mayi ndi a ku Nsanje, Akatolika a Misa yoyamba, ndipo mpaka lero amagulitsa nsomba zouma mumsika wa Zingwangwa. Iwo ankati mwana wamtali amaoneka wamwano asanatsegule n'komwe pakamwa. Choncho anandiphunzitsa kudzifupikitsa. Alendo akabwera ndinkanjuta pakhomo, manja onse awiri popereka moni. Podutsa kutsogolo kwa munthu wamkulu ndinkawerama n'kunena kuti "zikomo kumaso." Kutenga chinthu pamwamba pa mutu wa wamkulu unali mlandu. Kumulozetsa mbuyo unali mlandu woposa pamenepo. Mayi sankalankhula kawiri pa nkhani zimenezi, ndipo ngakhale ndi aafupi, dzanja lawo linkafika pakhutu langa popanda vuto lililonse.

Basiketibolo ndinayamba kusukulu. Kumeneko kunalibe choti ndiganizire. Tonse tinali a msinkhu umodzi wa zaka, ine ndinali wamtali kuposa onse, ndiye mpira ukaphonya ring'i, chigoli chapamwamba chija, ndinkangotambasula dzanja n'kuutenga anzanga akulumpha pansi panga. Ndinkadziona dolo. Nditamaliza Fomu 4 ndinkakhala tsiku lonse pabwalo la simenti losweka la kwathu komweko, m'mawa nditamaliza kunyamulira mayi madengu a nsomba. Kumeneko n'kumene anandiona kochi wa timu ina ya mu ligi.

Timu imeneyi inkathandizidwa ndi kampani ina. Osewera ankalandira kangachepe pamwezi, ankapatsidwa ya thiransipoti, ndipo ena kampaniyo inkawapezera ntchito. Kwa mnyamata amene mayeso ake sanamutsegulire khomo lililonse, limeneli linali khomo lokhalo limene ndinkaliona. Kochi sanandinamize. Anati ndizibwera ku maphunziro mpaka ligi itayandikira, ndipo akadzamalembetsa osewera, pa nambala folo adzalemba munthu mmodzi woyamba m'bwalo. Ndikalephera ndibwerere kwathu, iye alibe nthawi yolera ana.

Kwa amene sadziwa masewerawa, nambala folo ndi munthu wa ntchito yakuda. Sakhala kutali n'kumaponya mipira yokongola imene atsikana amakuwira. Amakhala pafupi ndi ring'i, pamene anthu akuluakulu matupi amapanikizana, ndipo ntchito yake ndi kulimbirana mpira umene waphonya n'kubwerera. Mpira umenewo timautcha ribaundi. Autenga ndi amene waima pamalo abwino, ndipo malo abwinowo sapemphedwa. Amatengedwa ndi zigongono, mapewa ndi matako.

Malo amenewo anali ndi mwini wake. Tonse tinkangowatcha a madala. Anali kaputeni wa timu, munthu wochokera kumpoto, wogwira ntchito m'boma, wokhala ku Soche ndi banja lake. Ankafika pabwalo atavala tayi, nsapato zopukuta bwino, n'kukhala pakona kumamanga mawondo onse awiri ndi mabandeji mosafulumira. Mwana wawo wamkazi anali ku sekondale. M'mutu munali mutayamba kuyera m'mbali. Tsiku loyamba kochi atanditengera kwa iwo, ine ndinanjuta n'kupereka moni ndi manja awiri. Timu yonse inafa nacho chiseko.

"Aise, kuno si kuchinkhoswe," anatero mnyamata wina wa ku Ndirande, amene ankasewera nambala wani ndipo pakamwa pake sipankatsekeka. "Dzuka, utiswera simenti ndi mawondo akowo."

A madala sanaseke. Anangondiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, n'kunena kuti, "Takulandira, mphwanga," ndi kalankhulidwe kawo kakumpoto kaja.

Mavuto anayamba sabata yomweyo. Kochi ankatigawa pawiri, ndipo nthawi zonse ankandiika kuti ndilimbane ndi a madala. Ulendo wina ndinathamanga kuwadutsa kutsogolo kuti ndikalandire mpira, ndipo bwalo lonse linaima. Anyamata anali atagwira m'mimba. Ine sindinadziwe chimene chachitika mpaka wa ku Ndirande uja atandiuza akupukuta misozi.

"Man, mwati chiyani podutsa paja? Mwati zikomo kumaso! M'gemu!"

Ndinakana. Ndinalumbira kuti sindinanene. Koma ndinali nditanenadi, pakamwa panangoyankhula pokha monga mmene panazolowerera. Kuyambira tsiku limenelo ndikangogwira mpira, wina ankakuwa kuti "zikomo kumaso!" ndipo ndikagundana ndi munthu, onse ankaimba pamodzi kuti "pepani, pepani," chifukwa nalonso linali liwu langa la mphindi iliyonse.

Chodabwitsa chinali chakuti ndikamalimbana ndi anyamata anzanga ndinkasewera bwino ndithu. Ndinkalumpha, ndinkakankha, wina ndinamutupitsa mlomo osadandaula nazo n'komwe. Koma akangoima a madala patsogolo panga, thupi linkasungunuka. Mpira unkabwerera kuchokera pa ring'i uli pamwamba penipeni pa mutu wawo, dzanja langa linkanyamuka, kenako n'kuima panjira ngati wina waligwira. Iwo ankautenga osalumpha n'komwe.

Kochi anaimba wezulo tsiku lina mpaka misempha ya pakhosi kuoneka. Anandikokera pansi pa ring'i.

"Mpira ukangochoka m'manja mwa woponya, iwe tembenuka. Mpatse msana munthu wako. Khala pansi pang'ono, ika matako pa ntchafu zake, kankha chambuyo. Asaone ring'i, aone jezi yako basi. Tiye, chita."

Ndinayang'ana munthu amene ankanenayo. Anali ataima phee, manja m'chiuno, imvi zili mbuu m'mbali mwa mutu.

"Kochi, a madalawa?"

"Nanga ndani? Agogo ako?"

Ndinatembenuka, ndinabwerera m'mbuyo pang'ono, koma ndinasiya mpata woti mwana akhoza kudutsapo ndi njinga. Kochi anaponya wezulo pansi n'kuchoka. Ine ndinapsa mtima kwambiri tsiku limenelo. Ndinkayenda kupita pa siteji ndikumutukwana chamumtima, kuti munthu ameneyu analeredwa kuti, kwawo kulibe akuluakulu kodi. Ndinkadziona wolungama pakati pa anthu osaleredwa.

Nditawafotokozera mayi kumsika mawa lake, anasiya kupanga milu ya usipa n'kundiyang'ana.

"Ndiye masewera ake ndi amenewo? Kukankha bambo wa eni ake ndi matako?"

"Ndi malamulo ake, amayi."

"Malamulo a kuti? Ukamupweteka munthu wa banja lake, ukanena chiyani kwa mkazi wake? Iwe thupi lakoli sulidziwa. Uzisamala."

Mayi oyandikana nawo benchi anaseka mpaka kutsokomola, koma mayi anga sanaseke. Ndinachoka pamenepo ndili wolemedwa kuposa mmene ndinabwerera.

Pano ndikaganiza, ndimaona kuti mumtima mwanga munali zinthu zingapo zimene ndinazimanga m'mpango umodzi n'kuzitcha ulemu. Ulemu weniweni unalimo, sindikana. Munalinso mantha. Koma chachikulu chinali chisoni. Ndinkawaona a madala akamatsika masitepe a pabwalo chammbali, mwendo umodzi kenako unzake. Ndinkamva mmene ankapumira tikathamanga maulendo angapo. Ndinkadziwa bwino lomwe kuti atambala awiri salira m'khola limodzi, ndipo kuti ine ndilowe, iwo anayenera kutuluka. Malowo ndinkawafuna ndi mtima wanga wonse, koma ndinkafuna kuti wina andipatse, manja anga akhale oyera. Ndinkayembekeza kuti mwina tsiku lina iwo adzangodzuka n'kunena kuti atopa, mwana uyu atenge.

Ligi itayandikira, kochi anatiuza kuti Lachisanu la sabata imeneyo tidzasewera tokhatokha gemu yathunthu, ndipo ikadzatha adzanena anthu ake. Ananena izi akuyang'ana kumbali, koma aliyense anadziwa kuti nkhani ili pa nambala folo. Malo ena onse anali odziwika kale.

Masiku angapo Lachisanulo lisanafike, kunachitika kanthu kakang'ono. Mpira unagunda ring'i n'kubwera molunjika kwa ine. Unali wanga, ngakhale mwana akanaona. A madala anali kumbali kwanga, atachedwa. Ine ndinabweza manja, iwo anatambasula dzanja limodzi n'kuukokera pachifuwa. Anyamata anaomba m'manja. "Madala akadalipo! Madala sakalamba!" Iwo sanamwetulire. Anaponya mpira kwa mnzawo n'kuthamanga osayang'ana munthu.

Titaweruka, dzuwa likadalipo, ndinamva a madala akundiitana ndikupita pa siteji. Anali atavalanso malaya awo a ku ofesi, tayi ili m'thumba.

"Mphwanga, tiye tiyende pang'ono. Minibasi sizitha."

Tinayenda m'mbali mwa msewu wopita ku Soche, phiri lili patsogolo pathu ndi mabala ake aja amene madzi a namondwe anasiya. Anagula chimanga chootcha, anachithyola pakati n'kundipatsa mbali yaikulu. Tinadya tikuyenda. Ine ndinkaganiza kuti nthawi ija yakwana, akufuna kundiuza kuti akupuma. Ndinali nditakonzeratu mawu okana mwaulemu ndisanavomere.

"Kodi ndinakulakwira chiyani?" anafunsa.

Ndinasiya kutafuna. "Palibe, madala. Bwanji?"

"Mpira uja unali wako. Ine ndikudziwa, iwe ukudziwa, kochi akudziwa. Ana aja andiombera m'manja mmene amaombera agogo akadzuka kuvina paukwati. Unawamva?"

"Ine ndimangokulemekezani, madala."

"Ayi. Ulemu ndimaudziwa, nanenso ndinaleredwa. Kwathu mwana sadutsa pamaso pa wamkulu ali chiimire, ndiye usandiphunzitse zimenezo. Ukandipatsa moni ndi manja awiri, ndimakondwa. Koma izi ukuchita pansi pa ring'izi ndi zina. Zaka zonsezi anthu andithyola zala, andiswa mlomo, wina anandichotsa dzino ili. Onsewo ankandiopa. Iwe ndiwe woyamba kundimvera chisoni."

Manyazi anandigwira kuyambira kumapazi, ndipo kwa munthu wa msinkhu wanga umenewo ndi ulendo wautali. Iwo anaima, anataya chitsononkho m'ngalande, n'kupukuta manja.

"Tamvera. Mkazi wanga akuti ndisiye. Adokotala akuti ndisiye. Mawondowa m'mawa uliwonse akuti ndisiye. Koma onsewo sanaimepo pansi pa ring'i. Ine ndikufuna kudziwa ngati ndathadi, ndipo amene angandiuze zoona ndi munthu amene akulimbana nane. Ukamandisiyira mipira, ndipitiriza chaka china ndikunamizidwa ndi mwana waulemu, mpaka tsiku lina adzandichititse manyazi mlendo pamaso pa anthu. Ukufuna zimenezo?"

"Ayi, madala."

"Ndiye ndikuuziretu. Malo amenewa sindikupatsa. Ndinawatenga kwa munthu amene sankafuna kuwasiya, ndipo iwenso utero, ngati ungathe. Lachisanu ndikupweteka, mphwanga. Ubwere utadya."

Anakwera minibasi yawo n'kundisiya pamenepo. Ine ndinayenda wapansi mpaka ku Zingwangwa. Poyamba ndinali wokhumudwa kuti munthu amene ndinkamuchitira zabwino sanayamike. Ndikuyandikira kunyumba, kukhumudwako kunali kutasanduka chinthu china. Ndinazindikira kuti masabata onsewa ndinkawayang'ana bambo aja ngati wodwala amene anthu amamulankhula motsitsa mawu, ndipo iwo ankaona zonse.

Lachisanu kunatentha. Simenti inkawotcha kudutsa m'nsapato. Kunabwera anthu ochepa oonerera, ana a sukulu ndi ogulitsa mafirizesi, poti inali gemu ya ife tokha. A madala anamanga mawondo awo monga mwa nthawi zonse, ndipo sanandipatse moni.

Sananame. Mpira woyamba kuphonya, chigongono chawo chinandipeza m'nthiti mpaka mpweya unathawa. Wachiwiri anandiponda phazi kuti ndisalumphe. Wachitatu anandikoka kabudula kumbuyo kochi asakuona, n'kutenga mpira ine ndili kalikiliki kukweza kabudulayo. Ana a sukulu anakuwa. Wa ku Ndirande uja anandidutsa akunong'ona kuti, "Uwauze pepani, man, mwina akusiya." Apa ndiye magazi anandikwera kumutu. Ndinaiwala imvi, ndinaiwala tayi, ndinaiwala mwana wawo wa ku sekondale. Ndinangoona munthu amene akundichititsa manyazi.

Mpira wotsatira utangochoka m'manja mwa woponya, ndinatembenuka, ndinatsika, ndinawapeza ndi msana wonse n'kukankha. Ndinkayembekeza kugunda khoma. Khomalo linalipo, koma linasuntha. Ndinamva mapazi awo akukwekwereza pa simenti, ndinamva mpweya wawo wotentha pakhosi panga, ndinamva akuyesa kubweza ndi miyendo imene sinkawayankha. Ndinalumpha n'kuutenga mpirawo ndi manja awiri pamwamba pa mutu wawo. Potsika ndinamva mawu awo kumbuyo kwanga, otsika, a ine ndekha.

"Eya. Bweranso."

Ndinabweranso. Musaganize kuti kuyambira pamenepo zinali zophweka. Munthu uja ankadziwa kumene mpira ugwere usanagunde n'komwe ring'i, ndipo kangapo ndinapezeka ndikutchinga mphepo iwo atazungulira kale mbali ina. Anandiphunzitsa zambiri masana amenewo kuposa masabata onse a m'mbuyo, ndipo phunziro lililonse linkabwera ndi ululu wake. Koma gemu ikamapita, ine mphamvu zinkabwera, iwo zinkachoka. Anayamba kugwira mawondo mpira ukaima. Anayamba kufika mochedwa. Sanapemphe kutuluka, ndipo kochi sanawatulutse.

Chakumapeto ndinalandira mpira nditawapatsa msana, pafupi ndi ring'i. Ndinagunda pansi kamodzi, ndinakankha ndi phewa, ndinakankhanso. Ulendo wachiwiriwo kumbuyo kwanga kunalibe kanthu. Ndinatembenuka n'kuponya, mpira unalowa, ndipo nditayang'ana pansi ndinawaona atakhala pa simenti, miyendo ili tambalale, akupuma ndi pakamwa. Liwu lija loti "pepani" linakwera mpaka pa lilime, ndinalimva kukoma kwake. Ndinaluma mano n'kuthamanga kubwerera kukatchinga mbali yathu. Ndili pakati pa bwalo ndinacheuka. Anali akudzuka okha, dzanja limodzi pansi, pang'onopang'ono, ndipo mnyamata wina amene anafuna kuwathandiza anamukankhira kumbali.

Ndinakondwa, ndisaname. Mtima unkagunda ndi chimwemwe choti ndine wamphamvu, ndipo malo aja ndi anga. Nthawi yomweyo ndinkafuna kulira. Zinthu ziwirizi zinakhala m'chifuwa changa limodzi, ndipo palibe chimene chinathamangitsa chinzake.

Gemu itatha kochi anatisonkhanitsa pakati pa bwalo. Anatchula nambala wani, nambala thu, nambala fili. Atafika pa folo anakanda pakhosi, anayang'ana pansi, n'kutchula ine. Palibe anaomba m'manja. Ngakhale wa ku Ndirande uja pakamwa panatsekeka. Kochi anayamba kunena kuti a madala akhalabe nafe, benchi ikufunika munthu wodziwa, koma iwo anakweza dzanja.

"Ayi, kochi. Ndamva zimene ndimafuna kumva. Pitirizani ndi ana."

Kochi anati tipume pang'ono, pali zina zoti tikonze tisanaweruke. Ine ndinapita pakona pamene anakhala akusintha zovala. Ndinaima chapatali, osadziwa choti ndichite ndi manja anga. Iwo analankhula osadzutsa mutu, akumanga zingwe za nsapato za ku ofesi.

"Gemu yoyamba mukumana ndi timu ya ku Bangwe. Nambala folo wawo amatembenukira kumanzere nthawi zonse, ngakhale ayambe wanamizira kumanja. Usamutsatire maso, uyang'ane chiuno. Ndipo nthiti zakozo ukaikepo madzi ozizira, ndakugunda kwambiri."

"Chabwino, madala."

Anaimirira movutikira, akugwira khoma. Chikwama chawo chinali pansi, chachikulu, chakale, zipi yake yomangidwa ndi waya. Ndinawerama kuti ndichinyamule, ndiwaperekeze mpaka pa siteji. Anachigwira msanga ndisanachifikire.

"Siya. Ndinyamula ndekha, sindinafike pamenepo."

Anachikoleka paphewa n'kuyamba kuyenda kulowera kugeti, akutsimphina mwendo wakumanja, osacheuka. Ndinawayang'ana mpaka anakhota. Kumbuyo kwanga kochi anaimba wezulo n'kukuwa kuti nambala folo ali kuti, tikudikira iyeyo. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna a madala, kenako ndinazindikira kuti akuitana ine.